Zibangili Zinayi za Mkwatibwi wa ku Mansoura

Bothaina anali pakati pa nkhani yake ya pamtima, ya mulungu wa mutu wa kabawi yemwe kachisi wake ankawadikira ku Edfu, pamene kukuwa kunakwera masitepe kuchokera ku zipinda za pansi.

"Golide! Golide wa mpongozi wanga! Anthuni, atibera!"

Alendo onse amene anamuzungulira padenga la sitima anatembenuka nthawi imodzi, n'kumusiya dzanja lili m'malere. Sanakwiye. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akutsogolera alendo pa Nile zinali zitamuphunzitsa kuti palibe mfumu yakale imene ingapikisane ndi mayi wa ku Mansoura akatsegula kukhosi.

Chomwe chinamuwawa n'chakuti tsikulo linayamba bwino kwabasi. M'mawa wonse sitima inali pamzere kudikira chipata cha madzi cha ku Esna, ndipo monga mwa masiku onse amalonda a timabwato anamangirira zingwe zawo m'mbali mwake n'kuyamba kuponya mikanjo ndi nsalu za patebulo mpaka padenga, chilichonse m'jumbo yake. Ukakonda umaika ndalama m'jumbomo n'kuponya pansi, ukapanda kukonda umabweza katundu. Majumbo ankauluka, ena kugwera m'dziwe losambiramo, azungu kukuwa, eni dziko kunenerera mitengo, aliyense akuseka mpaka nthiti kuwawa. Tsopano chipata chinali kumbuyo, madzi ali bata, ndiye kwabuka izi.

Pakhomo la chipinda 214 anapeza a Hajja Fawzeya atagwira pachifuwa, mwana wawo Wael akuwakupiza ndi magazini. Mkwatibwi wake Rasha, wa masiku anayi okha m'banja, anali atatsamira khoma, mikono ili yopanda kanthu. Dzulo lake ku Karnak mikono yomweyo inkalira ndi zibangili zinayi zonenepa, golide wa ukwati amene banja la Wael linamuveka. Pabedi panagona ng'ona yopindidwa ndi mathaulo, itavala magalasi a dzuwa. Mwini luso limeneli, Malume Morkos, wokonza m'zipinda, anaima chapatali ndi mathaulo ena pamkono.

"Ndi ameneyu!" a Hajja analoza. "Mwana wasiya zibangili patebulo, ameneyu walowa ndi makiyi ake, zibangili zamera miyendo. Ndifunse ndani ine, ng'onayo?"

"Hajja, chonde, titsitseko mawu," anatero Ustaz Medhat, manijala wa sitima, munthu yemwe pa dziko lonse ankaopa chinthu chimodzi, alendo kulemba zoipa pa intaneti. Anatambasula dzanja. "Malume Morkos, makiyi. Ndi dongosolo chabe. Zikapanda kupezeka pofika ku Edfu, nkhaniyi ikhala ya apolisi."

Malume Morkos anamasula makiyi palamba mosafulumira, n'kuwaika m'dzanja la manijala.

Bothaina ankadziwa tanthauzo la zimenezi. Pa mtsinje umenewu mbiri imafika ku Aswan sitima isanafike. Munthu akatsika ndi apolisi kamodzi kokha, ngakhale amumasule mawa lake, palibe sitima imene idzamupatsenso makiyi. Komanso awa anali Malume Morkos, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'makonde omwewa, bambo amene chaka chatha anathamangira basi ya alendo atanyamula ndolo imodzi ya mayi wina wa ku Italy.

Kuti afike ku Edfu kunatsala maola atatu.

*

"Hajja, Mulungu akubwezereni. Imwani kaye," anatero Bothaina m'chipinda chochezera, akuwasunthira tambula ya chidede chozizira. "Tandiuzani, mwanayu zibangili anavuliranji dzuwa likuswa mtengo?"

"Diso loipa, mwana wanga, diso la nsanje! Wakwera padenga mwanayu atavala mkanjo wobiriwira woyesa, wa anthu a mabwato aja, wawala ngati mwezi. Ndiye mayi uja wa ku Cairo, wa tsitsi lofiira uja, 'Ho, golide wokongola bwanji! Kulemera kwake!' Dzina la Mulungu osatchula ngakhale kamodzi. Ine zala zisanu zobweza diso loipa pamaso pake, tha! Kenako ndamunong'oneza mwanayu, tsika ukabise pompano. Waona tsopano? Diso lagwira ntchito yake ola lisanathe."

"Anakaika m'bokosi lachitsulo la m'kabati lija?"

"Bokosi loti nambala yake amaidziwa manijala? Ndine wa dzulo ine?"

"Nanga inuyo munatsikako kuchipindako?"

"Kamodzi, kukamuvula mkanjo uja." Apa nkhope ya a Hajja inawala, kulira anakuiwala kaye. "Wakuba uja wa pabwato, wa mpango wachikasu kumutu, ola lathunthu ndikulimbana naye. Ine kwathu ku Mansoura ogulitsa nsalu akandionera patali amatseka mashopu. Watsitsa, ndakweza pang'ono, watsitsa, kenako wakakamira ngati nkhupakupa. Ndati basi, tenga chako! Ndatsika, 'Vula msanga iwe,' ndaukwinya, m'jumbo, ndamuponyera ndekha ndi dzanja ili."

"Patebulo munaona zibangili?"

"Ndinali ndi nthawi yoyang'ana matebulo ine, munthu akudikira kuti ndimuchititse manyazi?"

*

Bothaina anawapeza Malume Morkos m'kachipinda kosungiramo zofunda, atakhala pa mtolo wa nsalu zochapa, kumapazi kulibe nsapato. Anali atawasecha loka, matumba, mpaka masokosi. Zonse zomwe osechawo anapeza zinali pashelefu: chipeso, chithunzi cha Namwali Mariya ndi maswiti a chifuwa.

"Malume, ndiuzeni zomwe munaona."

"Ndinagogoda katatu. Zii. Ndinalowa."

"Nthawi yanji?"

"Chipata chikutseguka. Ndinamva Rais, woyendetsa sitima, akuliza hutala."

"Patebulo panali chiyani?"

"Chipeso cha pinki. Botolo la mafuta onunkhira. Magalasi a dzuwa. Theka la lalanje."

"Mukutsimikiza?"

Anamuyang'ana kwa kanthawi, osati mokwiya koma modabwa. "Madamu Bothaina, ine ndikalowa m'chipinda, choyamba ndimafuna choveka nyama yanga. Chipewa, magalasi, kampango. Diso langa limayenda patebulo ponse ndisanagwire tsache. Golide sindiveka nyama, sindimukhudza n'komwe. Koma akanakhalapo ndikanamuona. Panalibe."

Anawerama n'kuyang'ana zala zawo za kumapazi.

"Mwana wanga Demiana akukwatiwa Pasaka ikadutsa. Akuchimuna akadzamva kuti bambo ake anatsika ku Edfu pakati pa apolisi awiri..."

Sanamalize, ndipo Bothaina sanawakakamize. Anatuluka mtima ukumuwawa, koma mutu ukugwira ntchito. Ngati Malume ankanena zoona, ndipo iye akanalumbira pa manda a bambo ake kuti ankanena zoona, zibangilizo sizinagonepo patebulo. Ndiye pakati pa denga ndi chipinda 214 zinalowera kuti?

*

Wael anali atakhala pa mpando wa m'mphepete mwa dziwe, nkhope ili khuma, foni m'dzanja. Foniyo sinachoke m'dzanja limenelo chikwerereni sitima.

"Madamu, ine chilichonse ndajambula. Chichokereni ku Luxor mkazi wanga sanayetsemulepo osajambulidwa. Taonani apa akudya nyemba za foul, apa akuseka, apa waima pafupi ndi chipilala, mukuona chipilalacho mmene chachepera ulemerero?"

"Mulungu akusungire. Tandionetsa za ku Esna."

Anaonetsa. Nayu Rasha mu mkanjo wobiriwira, akuzungulira kuti anthu amuone, zibangili zikung'anima. Nawa a Hajja akumunong'oneza, iye n'kutsika masitepe.

"Koma apa pokha museka, Madamu, ngakhale lero si tsiku loseka," anatero Wael. "Taonani Mama."

A Hajja anaoneka ataima pa chitsulo chotchinga, jumbo ili m'mwamba, akukuwa kuti wakubayo akagulitse kwa agogo ake. Jumbo inatsika nsanjika zinayi n'kukamupeza wa mpango wachikasu pamphumi. Munthuyo anakhala pansi m'bwato mwake, khu, manja onse kumutu. Denga lonse la sitima linafa nacho chiseko.

"Mama ali ndi dzanja, Madamu. Ife takulira dzanja limeneli."

"Tabwezanso. Kweza mawu."

Anabweza. Pansi pa chisekocho panamveka kaphokoso kena, kakafupi, ngati masupuni akagundana m'kabati. Ndipo wamalondayo atachotsa dzanja pamphumi, mpango wachikasu unali utayamba kufiira.

"Wael, unamenyedwapo ndi mkanjo?"

"Ndi mkanjo ayi. Ndi patapata kokha, kambirimbiri."

"Nanga nsalu ikakugwera pamutu, umatuluka magazi?"

Wael anayang'ana foni, anayang'ana Bothaina, n'kuyang'ananso foni. Kukamwa kunangoti yasa.

"Tseka pakamwapo, ndipo usauze munthu," anatero Bothaina. "Mkazi wako ali kuti?"

*

Rasha anali kumbuyo kwenikweni kwa sitima, komwe alendo sakonda chifukwa cha utsi wa injini. Migwalangwa ndi minda ya nzimbe zinkadutsa m'mbali, ana akukweza manja pagombe, koma iye maso anali pa mzere wa thovu womwe sitima inkasiya.

"Munthu woberedwa amayang'ana anthu kumaso," anatero Bothaina, akutsamira pambali pake. "Iwe chiyambireni ukuyang'ana ku Esna. Mkanjo uja unali ndi thumba m'mbali, eti?"

Rasha anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba.

"Abla, achemwali anga, ndinatsika kuti ndibise monga anandiuzira Mama. Ndinavula, ndinaika kaye m'thumba la mkanjo kuti ndiganize pobisa pabwino. Ndiye ndinachedwa pagalasi. Unandikhala mkanjo uja, Abla. Mama angolowa ngati mphepo, vula, vula, munthu akudikira, ine mutu balala, ndavula. Ndakumbukira sitima italowa kale m'chipata. Atandifunsa ndinangoti patebulo. Linangotuluka lokha liwulo. Sindinadziwe kuti agwira Malume aja, Mulungu ndi mboni."

"Atawagwira bwanji sunanene?"

"Masiku anayi, Abla! Masiku anayi m'banja, ndiwauze apongozi kuti golide wawo ataya okha ndi dzanja lawo? Mwawaona inu."

Bothaina anali atawaonadi, ndipo naye anakhalapo mkwatibwi wa masiku anayi pamaso pa apongozi a mawu ngati amenewa. Anamumvera chisoni mtsikanayo, koma chisonicho sichinafike pomulekerera.

"Tamvera, mwana wanga. Pansipa pali bambo wamkulu wakhala wopanda nsapato chifukwa cha liwu lako limodzi. Apongozi akowo akalipa lero, mawa akupatsa bakha wootcha. Malume akatsika ndi apolisi, zawo zathera pomwepo. Ukawauza wekha, ine ndiima pambali pako. Pukuta m'maso, undidikire pano."

Anakwera kwa Rais Hegazi, woyendetsa sitima, yemwe anali atapinda miyendo pa mpando wake wautali, maso ali pa madzi kuwerenga pomwe pabisala mchenga. Rais anabadwira pa mtsinje ndipo mawu ankawatulutsa ngati amagula.

"Wa mpango wachikasu? Bakri. Mwana wa Abdel-Radi."

"Mungamupeze?"

Rais anatulutsa kafoni kakale m'thumba la pachifuwa, n'kuimbira mkulu wa amalonda a ku Esna. Analonjerana nthawi yaitali, kufunsana za ana ndi za nzimbe, Bothaina akuponda mwendo uwu n'kuponda uwo. Nkhani yeniyeni inatenga mawu asanu ndi limodzi. Rais anamvetsera, anati "Chabwino," n'kubweza foni m'thumba.

"Anamasula chingwe nthawi yomweyo. Bwato wasiya pagombe. Foni yake yazima."

"Ndiye kuti wathawa nazo?"

"Ndati foni yazima," anatero Rais, akupotoza chiwongolero pang'ono. "Edfu, ola limodzi."

*

Rasha anaulula m'chipinda chochezera, osasiya kanthu. A Hajja anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chomwe Wael anati sanachionepo, kenako anaphulika.

"Amuphunzitsa! Anthu a pasitima amodzimodzi, amuphunzitsa mwanayu bodza kuti apulumutse mnzawo. Ine, Fawzeya, ndingagende munthu ndi golide?"

Anawaonetsa vidiyo katatu.

"Munthuyo ali ndi mutu wofewa basi," anatero. "Ndionetseni golideyo, ndiye tikambirane."

Ustaz Medhat anakweza mapewa. Iye anali ataimba kale foni kupolisi, ndipo vidiyo ya munthu wogwira mutu sinali chibangili.

Sitima inakocheza ku Edfu dzuwa litapendeka. Pagombe ngolo za akavalo zinali zitandanda kudikira alendo opita kukachisi, oyendetsa akukuwa manambala awo, mabelu akulira. Patsogolo pa onsewo panaima apolisi awiri. Malume Morkos anakwera kuchokera pansi atavala nsapato, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi, ndipo ophika ndi operekera zakudya anatuluka m'khitchini kudzaima m'khonde, palibe woyang'ana mnzake. Bothaina anali atayesa zonse zomwe ankadziwa. Anaima pafupi ndi Malume chifukwa china chochita chinali chitamuthera.

Thabwa lotsikira litangogunda pagombe, kunamveka hutala ya njinga yamoto ikung'amba pakati pa ngolo, akavalo kudzambatuka, oyendetsa kutukwana. Wokwerapo anali woyera ndi fumbi la msewu wonse wa ku Esna, pamphumi pali bandeji yaikulu ngati mkate.

"Hajja wa ku Mansoura ali kuti?" anakuwa. "Wa dzanja uja! Atuluke!"

A Hajja anasuzumira kuchokera padenga.

Bakri sanakwere thabwa. Anthu a ntchito yake sakwera sitima, amaponya. Anazunguza jumbo kawiri n'kuimasula, ndipo inakwera bwinobwino n'kukagwa pamapazi pa a Hajja, khwe! Wael anaitola, anatulutsa mkanjo wobiriwira, anapisa m'thumba la m'mbali. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.

Mayi wa ku Cairo wa tsitsi lofiira ndiye anayamba nthungululu, ophika anamenya mapoto, azungu anaomba m'manja osadziwa bwino chomwe akuombera.

"Unali kuti iwe, foni osayankha?" anakuwa Bothaina, akuseka misozi ili m'maso.

"Kuchipatala, Madamu! Andisoka katatu! Foni inagwera m'madzi pomwe anandigenda paja. Jumboyo watsegula ndi mkazi wanga kunyumba, wangoti mayo, ukwati wa munthu uli m'thumba umu. Ndabwereka njinga ya mlamu wanga, mafuta ake sindikudziwa ngati andibweza."

Wapolisi wamkulu, yemwe ankaoneka kuti wasangalala kuti ntchito yamuthera asanaiyambe, anamugwira paphewa. "Golide yenseyu, iwe osaganizako kawiri?"

"Bwana, ife tsiku ndi tsiku timaponya katundu wathu kwa anthu osawadziwa, nsanjika zinayi m'mwamba, ndipo amabweza. Ine ndikhale woyamba kusunga cha mwini? Mawa ku Esna tidya chiyani?" Anakweza mutu. "Koma mkanjowo, Hajja, mugula. Pa mtengo woyamba uja, osati wa pamapeto. Za mphumi ndakhululuka."

Sitima yonse inadikira. A Hajja anatsegula chikwama, anaika ndalama m'jumbo osanenerera ngakhale liwu limodzi, n'kuipereka kwa Wael kuti aponye iyeyo. Wael anajambula zimenezo ndi dzanja linalo, akuti ku Mansoura popanda umboni palibe angakhulupirire.

Rasha anali atatsika kale. Anaima pamaso pa Malume Morkos, osatha kuwayang'ana. "Malume, ndakulakwirani. Ndinadziwa, ndinaopa."

"Zatha, mwana wanga," anatero Malume. "Ine ndili naye wa msinkhu wako."

Wael anabwera n'kuwapsompsona pamutu monga amachitira munthu wopepesa, mpaka Malume anachita kuwerama chifukwa anali aatali. Ustaz Medhat anayandikira cham'mbali, makiyi atawabisa m'chikhatho, kuti awalowetse m'thumba la Malume mwakachetechete.

"Ustaz," anatero Bothaina mokoma, "munalanda anthu akuona."

Manijala anatsokomola, anakweza makiyi m'mwamba kuti alire, n'kuwapereka ndi manja awiri.

Otsiriza kutsika anali a Hajja, pang'onopang'ono, dzanja pa bondo. Anaima pakati pa khonde, alendo ndi antchito atadzaza mbali zonse, n'kukoka mpweya. Bothaina anabwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa mpweya umenewo anali ataudziwa.

"Tamverani nonse, ndi a pagombe omwe! Ndinakuwa powanamizira bambo awa, ndikuwanso powayeretsa. Sanabe kanthu! Wotaya golide ndine, Fawzeya wa ku Mansoura, ndi dzanja langali. Amene akanene zina ku Aswan, akumana nane!"

Akavalo pagombe anaimika makutu. A Hajja anatembenukira kwa Rasha, yemwe anali akuyamba kulowetsa chibangili choyamba kumkono.

"Iwe, ukutani? Ukufuna upite nazo kukachisi, maso onse aja? Bwera nazo kuno."

Anazisonkhanitsa zonse zinayi, anazikulunga m'kampango kawo koyera, n'kugwira dzanja la Malume Morkos ndi kulitambasula.

"Sungani ndinu mpaka tibwere."

"Hajja, ine golide sindimukhudza. Pali bokosi la..."

"Bokosi ndilibe nalo mawu. Ndati inuyo."

Malume anayang'ana kampangoko m'dzanja mwawo. Anamasula batani la thumba la pachifuwa, anaikamo, anamanganso, n'kusiya chikhatho pomwepo.

Bothaina anakweza mbendera yake yaing'ono n'kutsogolera alendo kutsika thabwa, anayi anayi m'ngolo iliyonse. Ngolo yake itayamba kuyenda anatembenuka. Malume Morkos anali ataima pakhomo la sitima, chikhatho chikadali pachifuwa, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo apolisi awiri aja podutsa anawapatsa moni ndi ulemu.